Gemu ikalakwitsa m'pomwe imakoma

Mu FIFA yoyamba yeniyeni, ija kampani ya EA Sports inatulutsa mu 1993, munthu unkatha kuthawa refa. Ukamutchera mnzako mwendo moipa, refa ankaimba wezulo n'kuyamba kubwera kuti akupatse khadi, koma khadiyo ankaitulutsa pokhapokha atafika pomwe waima. Ndiye iwe ukangoliyatsa liwiro, mkuluyo ankakulondola bwalo lonse, kuchoka golo iyi kukafika golo inayo, kubwereranso, mpira utaima, osewera ena onse ali chilili kudikira kuti mlandu uthe. Refa sankatopa. Wothawayo sankatopa. Chinkatopa ndi chala chako, ndipo chikangotopa, khadi pamphumi.

Goloboyi wa mu gemu yomweyo naye anali ndi zake. Akagwira mpira, iwe unkangokaima kutsogolo kwake. Iye osalabadira kuti pali munthu, ankaumenya mpira mwamphamvu, n'kukuomba iweyo, iwe n'kungoukankhira muukonde. Anthu anamwetsa zigoli zosawerengeka mwa njira imeneyi, n'kumayenda modzitukumula kuti ndi akatswiri.

Lero gemuyo inasintha dzina, kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC. Thukuta la osewera limaoneka, Haaland amafanana ndi Haaland mpaka tsitsi. Koma tayesani kuthawa refa, khadi ikupezani musanaphethire. Ndipo ine sindinamvepo munthu mu minibasi akuuza mnzake kuti, "Amwene, dzulo ndaona udzu wokongola mu gemu." Zothawa refa zija ndiye anthu akusimbabe patatha zaka zoposa 30.

*

Kampani ya Konami ya ku Japan, eni ake a Pro Evolution Soccer (PES), inalibe chilolezo chogwiritsa ntchito mayina enieni a matimu ambiri ndi osewera ambiri. Ndiye inkangowapotoza. Manchester United inali Man Red, Arsenal inali North London, Liverpool inali Merseyside Red. Roberto Carlos wa ku Brazil anali Roberto Larcos, ndipo ngakhale anali wotchinga kumbuyo, mwana aliyense ankamukokera kutsogolo chifukwa cha liwiro lake. Kochi wa Brazil akanaona mmene tinkaikira timu yake, BP ikanakwera.

Ukayamba gawo lomanga timu yako, lotchedwa Master League, ankakupatsa osewera oti padziko lino sanakhalepo: Castolo, Minanda, Ximelez, Espimas, ndi goloboyi wina wotchedwa Ivarov. Ankathamanga mwaulesi, mpira ukawapeza unkawadabwitsa. Komabe tsiku lomwe ndalama zakwana zoti ugule sitiraika weniweni n'kumuchotsa Castolo, mtima unkawawa. Pali abambo a ndevu zaimvi lero amene akamva dzina la Castolo amayamba kumwetulira okha, mayi a kunyumba n'kumakayikira kuti mwina ndi dzina la mkazi.

Kenako mu 2006 kunabwera PES 6, ndi Adriano wa Inter Milan amene mphamvu ya shoti yake anailemba 99. Munthuyu ankawombera ali pafupi ndi pakati pa bwalo, goloboyi n'kungomva ukonde ukugwedera. Pamalo ena pamsika wakwathu, pomwe tinkasewera molipira, mwini wake anachita kukhazikitsa lamulo: Inter palibe. Tsiku lina kamnyamata kachilendo kanafika, kanalipira, n'kusankha Inter.

"Aise," anatero mwini malo, "wabwera kudzasewera mpira kapena kudzawombera anthu?"

"Koma biggie, timuyi ilimo mu gemu."

"Mankhwala a makoswe nawonso alimo mu golosale. Umadya?"

Pamalo pomwepo panalinso vuto lina lomwe a ku Japan sanaliikemo, ndilo kuzima kwa magetsi. Munthu akugonja 4-0, patsala mphindi ziwiri, magetsi thi! Iye n'kuimirira mwaukali, kuponya padi pansi: "Mwapulumuka amwene, ndimabwera ine!" Ndipo magetsi akakana kuzima, phazi lake linkapezeka kuti lakola chingwe mwangozi.

*

Tisanafike pa PlayStation panali magemu aja a kaseti yachikasu, olumikiza ku TV, ochokera ku China koma otengera Famicom ya Nintendo. Pakaseti ankalemba kuti muli magemu 9999999. Ukayatsa, gemu yoyamba Super Mario, yachiwiri Duck Hunt, yachitatu Contra, ina ya akasinja, ina ya mpikisano wa njinga zamoto. Ukatsika mpaka nambala 500 upeza Mario yemweuja, kungoti mitambo yasintha mtundu. Palibe anapita kukadandaula kwa wogulitsa. Tinkangouza anzathu kusukulu kuti kwathu kuli magemu mamiliyoni.

Kaseti ikakana kulira, mankhwala ake dziko lonse lapansi linkawadziwa popanda wophunzitsa: izule, iuzire, ibwezere. Mwana wa ku Osaka, wa ku Chicago, wa ku Ndirande, onse masaya tuu, fuuu! Nintendo inkachenjeza kuti osauzira, chifukwa chinyontho cha mpweya wa m'kamwa chimawononga tizitsulo ta mkatimo. Chomwe chinkathandiza kwenikweni ndi kuizula n'kuilowetsanso kuti tizitsuloto tigwirane bwino. Koma m'nyumba iliyonse munali katswiri wake wouzira, ndipo ena akalephera ankachita kukamuitana kubwalo. Udindo umenewu unali waukulu kuposa kukhala monita wa kalasi.

PlayStation yoyamba itakalamba, diso lake lowerengera CD linkafooka. Anthu anatulukira kuti ukaitembenuza chadodolido, miyendo m'mwamba, imayambanso kuwerenga. Malume anga atalowa m'chipinda n'kupeza makina atagonekedwa chagada, ana asanu tili zii kuwayang'anitsitsa, wina akunong'ona pemphero, anabwerera pakhomo n'kukafunsa mayi ngati m'nyumba muno mwayamba zamatsenga.

*

Contra inali yovuta zedi, chipolopolo chimodzi wafa, ndipo miyoyo unali nayo itatu. Koma ukadina mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, miyoyo inkakhala 30. Chinsinsichi chinayamba ndi munthu wina wa ku Konami, Kazuhisa Hashimoto, pomwe ankakonza gemu ya Gradius mu 1986. Gemuyo inamukanika yekha mwini wake poiyesa, ndiye anadziikira kakhomo kakuseri kuti azidutsa mosavuta. Gemu inapita kumsika kakhomoko kasanatsekedwe. Pamene ankamwalira mu 2020, nyuzipepala zinamukumbukira ndi kakhomo komweko.

Space Invaders ya 1978 ili ndi mbiri yofanana. Tomohiro Nishikado anakonza gemu yoti uziwombera zilombo zotsika kumwamba. Makina a nthawiyo anali ofooka, moti zilombo zikadzaza sikirini zinkayenda mwapang'onopang'ono chifukwa kompyuta inkalemedwa pozijambula zonse. Ukapha zingapo, katundu wapepuka, zotsalazo n'kuyamba kufulumira. Chomaliza chinkathamanga moti mtima unkagunda kukhosi. Nishikado ataona zimenezi anangozisiya momwemo, ndipo dziko linamuyamika kuti ndi wanzeru zakuya pokonza gemu yomwe imanka ikuvuta.

Street Fighter II ya 1991 nayo: wina mwa akuluakulu ake ku Capcom, Noritaka Funamizu, akufufuza zolakwika pagawo lija lophwanya galimoto, anaona kuti ukadina mabatani pa nthawi yake, nkhonya yachiwiri imalowa mdani asanapume ku yoyamba. Anaganiza kuti n'zovuta kwambiri, palibe adzazitulukire, n'kuzisiya. Anyamata a m'malo osewerera anazitulukira. Lero magemu ambiri a ndewu amadalira nkhonya zotsatizana zoterezi, zotchedwa makombo, ndipo pali anthu amene amadyera pomwepo m'mipikisano.

Ku Dundee, ku Scotland, kampani ya DMA Design inkakonza gemu ya magalimoto yotchedwa Race'n'Chase. Oiyesa ankati ndi yotopetsa, ndipo inatsala pang'ono kutayidwa. Kenako cholakwika china chinapengetsa apolisi a mu gemumo: m'malo mokuimitsa mwaulemu, anayamba kukugunda ndi galimoto zawo mopanda chisoni. Oyesa aja anasiya kuyasamula. Gemuyo inatuluka mu 1997 ndi dzina loti Grand Theft Auto. Kampani inalemera chifukwa cha apolisi osatsata malamulo, nkhani yomwe m'maiko ena siidabwitsa aliyense.

Ngakhale chilombo chobiriwira cha mu Minecraft, chija chimakuzembera kumbuyo n'kuphulika, chinayenera kukhala nkhumba. Markus Persson anasokoneza manambala a kutalika ndi a msinkhu, nkhumba n'kuimirira chilili. Pano chili pa malaya ndi zikwama za ana a sukulu dziko lonse.

*

Mudziwa kuti pophika nsima palibe amene amalinga kuphika nkhoko. Ndi zotsalira zopserera pansi pa poto, koma ana amamenyanirana zomwezo mitanda yosalala ili pambale. Magemu akale anali ndi nkhoko zambiri, ndipo chokoma chake n'chakuti unkakokota wekha. Zomwe opanga gemu anakonza, aliyense wogula anaziona chimodzimodzi. Koma cholakwika chinali chako. Unachipeza wekha, kapena anakunong'oneza mnzako pa buleki, iwe n'kukachiyesa madzulo, n'kutheka. Intaneti tinalibe, ndiye amene ankadziwa chinsinsi anali mfumu. Panali makope a masamu omwe tsamba lomaliza linali lodzaza ndi macheat a GTA San Andreas, ndipo mwana wolephera kuloweza teyibulo ya 7 ankalemba HESOYAM ali mtulo.

Gemu yamakono imakugwira dzanja. Muvi ukuloza kopita, mawu akukuuza batani loti udine, ukachedwa pang'ono munthu wa mu gemumo akuyamba kukuuza yankho usanamufunse. Cholakwika chikapezeka Lolemba, pofika Lachisanu achikonza kudzera pa intaneti, bandulo yako n'kupserapo. Kale gemu ikatuluka pa kaseti, yatuluka. Cholakwika chinkakhala momwemo mpaka kalekale, anthu n'kuchizolowera, n'kuchipatsa dzina.

Mu Pokémon Red ndi Blue, ukalankhula ndi nkhalamba ina ya ku Viridian City kenako n'kukasambira m'mphepete mwa chilumba cha Cinnabar, pankatuluka chinthu chosaoneka mutu kapena mchira, timabokosi tokhatokha, dzina lake MissingNo. Chinali chizindikiro chakuti gemu yasokonezeka. Koma chinkawonjezera 128 pa katundu wachisanu ndi chimodzi m'chikwama chako. Nintendo inachenjeza ana kuti asachiyandikire. Mukudziwa kale zomwe ana amachita akauzidwa choncho.

*

Nthawi zina anthu amachikonda cholakwika mpaka kuchipeka pomwe palibe. Mu Mortal Kombat ya 1992, pa sikirini ina ya eni makina panali mawu oti ERMACS, owerengera zolakwika za pulogalamu. Anyamata anayamba kufalitsa kuti Ermac ndi ninja wofiira wobisika, ndipo panapezeka ambiri olumbira kuti msuweni wawo anamenyana naye. Opanga gemu anakana, anthu osamva. Pofika 1995 anangogonja n'kumupanga Ermac weniweni, wofiira momwe mphekesera zinanenera.

Ina ndi ya Gandhi. Kwa zaka zambiri anthu ankasimba kuti mu Civilization ya 1991, Gandhi anapatsidwa ukali wotsikitsitsa, ndiye ukatsikanso pang'ono nambala inkazungulira n'kufika pamwamba penipeni, munthu wamtendere uja n'kuyamba kuopseza dziko ndi mabomba a nyukiliya. Nkhani yokoma kwabasi. Sid Meier, mwini gemu, analemba m'buku lake la 2020 kuti cholakwika chimenechi sichinakhalepo. Anthu anamva, anagwedeza mitu, n'kupitiriza kuisimba.

*

Zina sizinali zolakwika za pulogalamu, zinali kupusa chabe kwa gemu, ndipo tinkazikonda pa chifukwa chomwecho. Tommy Vercetti wa mu GTA Vice City ankalimbana ndi apolisi, asilikali ndi akasinja, koma akagwera m'madzi ofika m'khosi, maliro. Chigawenga choopsa cha mumzinda wozunguliridwa ndi nyanja, chosadziwa kusambira.

Mu Tomb Raider II ya 1997, Lara Croft anali ndi wantchito wokalamba, Winston, amene ankamutsatira paliponse m'nyumba atanyamula thireyi ya tiyi, makapu akugwedera. Osewera a m'maiko osiyanasiyana, osadziwana, osapangana, onse anafika pa ganizo limodzi: kumunyengerera gogoyo kuti alowe m'chipinda chozizira chosungira nyama, n'kumutsekera momwemo. Gemuyo ataikonzanso mu 2024, anaikamo mphotho ya amene wachita zimenezo. Nkhanza zinalandira satifiketi.

GoldenEye 007 ya 1997 inali ndi Oddjob, munthu wamfupi moti zipolopolo zinkangomudutsa pamwamba. Ubale wa anthu unatha chifukwa cha iyeyu. Patapita zaka zoposa 20, ena mwa omwe anapanga gemuyo anavomera poyera kuti kusankha Oddjob ndi kubera. Chigamulo chinachedwa, ena anali atasiya kale kuyankhulana.

Ndipo Skyrim ya 2011, yomwe siyakale kwenikweni koma khalidwe lake ndi lachikale. Chimphona chikakumenya ndi chibonga, unkauluka mpaka kupitirira mitambo. Ukafuna kuba m'sitolo, unkangotenga ndowa n'kumuveka mwini sitolo kumutu. Iye poti sakuona, ankangoima phee, ndowa ili kumutu, iwe ukusesa mashelefu. Kampani itatulutsa pulogalamu yokonza zolakwika zina, zinjoka zouluka zija zinayamba kuuluka chafutambuyo.

*

Mwina muti, "Akulu inu, chomwe mukusowa si gemu, ndi ubwana wanu. Nthawi imeneyo simunkalipira lendi." Pamenepo pali choona, sindikana. Koma nanga Willis Gibson? Mnyamata wa ku Oklahoma ameneyu anali ndi zaka 13 mu December 2023 pomwe anasewera Tetris ya Nintendo ya 1989, gemu yomuposa zaka zoposa 20, mpaka kufika levulo 157 pomwe pulogalamu inasokonezeka n'kuuma gwa. Palibe munthu anali atafikapo. Kuuma kwa gemu, chinthu chomwe enafe timatukwanira, iye kunamutchukitsa dziko lonse, ndipo anatsala pang'ono kukomoka ndi chimwemwe. Mwana ameneyu ubwana wa 1989 anaudziwira kuti?

Pac-Man nayo imathera pa levulo 256, pomwe theka la sikirini limasanduka zilembo ndi manambala osokonekera chifukwa makina sanakonzedwe kuti awerenge kupitirira pamenepo. Opanga ankaganiza kuti palibe adzafikeko. Pali anthu amene anataya zaka zawo kuti akangoona chisokonezo chimenecho ndi maso awo.

*

Tsono eni magemu akati akonze zakale zija, m'pomwe zimaipa. GTA San Andreas ya 2004 inali ndi chifunga chomwe chinkabisa zakutali, poti PlayStation 2 sinkatha kujambula zonse nthawi imodzi. Chifungacho chinkapangitsa dziko la mu gemumo kuoneka lalikulu zedi. Mu November 2021 Rockstar inatulutsa gemuyo yokonzedwanso, chifunga atachichotsa. Anthu anakwera pansanja yaitali n'kuona mizinda itatu yonse nthawi imodzi, ili pafupipafupi, ulendo womwe tinkauyesa wa tsiku lonse uli poteropo. Mvula yake inkagwa yoti sungaone kutsogolo. Kampani inapepesa poyera n'kubwezeretsa magemu akale aja pamsika wa makompyuta.

Musandimve molakwa, si cholakwika chilichonse chimakoma. Cyberpunk 2077 itatuluka mu December 2020 inali yophwanyika moti Sony inaichotsa m'sitolo yake ya PlayStation n'kubweza ndalama za anthu. Pamenepo panalibe woseka. Kusiyana kwake n'koonekeratu: refa wothamangitsa munthu amakuseketsa, pomwe gemu yomwe walipira madola 60 n'kumazima yokha pakati pa nkhondo imakuliza. Cholakwika timachikhululukira chikatipatsa nkhani yokasimba.

Koma kusalala nakonso sikupulumutsa. Mu August 2024 Sony inatulutsa Concord, gemu yowomberana yomwe anaikonza kwa zaka zambiri, zithunzi zake zowala, zonse zili m'malo mwake. Anthu sanabwere. Patangotha milungu iwiri anaitseka, ogula n'kubwezeredwa ndalama zawo. Funsani aliyense dzina la munthu mmodzi wa mu Concord. Mukatero mufunse za Castolo.

*

Mfumu ya zonsezi ndi E.T. ya Atari ya 1982. Howard Scott Warshaw anapatsidwa milungu isanu yokha kuti aikonze ifike pamsika Khirisimasi isanakwane. Zotsatira zake, kachilombo ka mu filimu ya dzina lomweli kankangogwera m'maenje. Ukakatulutsa, kagweranso. Ana analira, makolo anabweza makaseti kusitolo. Mu 1983 Atari inanyamula katundu wosagulika, E.T. ali momwemo, n'kukamukwirira kudzala la zinyalala ku Alamogordo, m'chipululu cha New Mexico, n'kuthirapo konkire.

Kwa zaka 30 anthu ankatsutsana ngati zimenezi zinachitikadi. Mu April 2014 anapita ndi makina okumbira, khamu la anthu litaima padzuwa ndi fumbi kudikira kuti lione zinyalala. Kaseti yoyamba itatuluka m'dothi, anthu anakuwa ndi chimwemwe, ndipo Warshaw, amene anakhala zaka zonsezo akutchedwa wopanga gemu yoipitsitsa padziko lapansi, anali pomwepo akugwetsa misozi.

Mzinda wa Alamogordo unagulitsa makaseti ofukulidwawo pa eBay, ophwanyika, onunkha dzala, n'kupeza madola oposa 100,000. Kaseti imodzi ya E.T. inagulidwa pa madola oposa 1,500, ndipo ina ikusungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington.